Telala Wogenda Amphaka

Tiyambe ndi kutsutsa bodza, chifukwa bodza lake lakula mpaka lamera ndevu. Si zoona kuti a Chigamba, telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo, anapenga. Si zoonanso kuti anthu a kafukufuku aja anawabaya jakisoni wa mphaka molakwitsa, kachilombo n'kuwakwera kumutu, ati n'chifukwa chake masiku ano akangoona mphaka amatola mwala. Nkhaniyi ndaimva ku saluni, ndaimva pampopi, ndaimvanso kwa mayi wina amene a Chigambawo sanawaonepo ndi maso, koma amalumbira kuti akamasamba amalira ngati mphaka. Anthuni, lilime lilibe fupa. Ine khoma la chipinda changa ndi la chipinda chawo ndi limodzi, ndipo ndi lopyapyala moti iwo akayetsemula ine ndimapukuta kumaso. Akanakhala kuti amalira ngati mphaka ndikanakhala woyamba kukuuzani, n'kuthirirapo ndi mchere womwe.

Dzina loti Chigamba si la makolo. Anawapatsa ndi anthu, chifukwa zaka zonse zimene akhala pakhonde paja palibe anawaonapo akudula nsalu yatsopano. Ntchito yawo ndi thalauza long'ambika kumatako, zipi wokana kukwera, kolala yotha yofunika kuitembenuza, yunifolomu ya mkulu yoti ichepetsedwe avale mng'ono. Makina awo ndi akuda aja opalasa ndi phazi, lamba wake wolumikiza ndi waya. Pambali pamakhala katoni ya zidutswa za nsalu, chitini cha mabatani osafanana, ndi benchi yokhalapo makasitomala ena atadzikulunga thaulo, kudikira thalauza lawo lokhalo.

Akazi awo anachoka kalekale. Sanamenyedwe, sanagone ndi njala, anangotopa. Tsiku lochokalo anaima pakhomo chikwama chili m'manja n'kulankhula mokweza kuti tonse timve: "Ine ndinakwatiwa ndi munthu, koma pabedi ndikugona ndi michira." Mwana wawo wamkazi anapita nawo, anakulira kwina, anakwatiwa kwina, ndipo amaimba foni pokhapokha kukagwa maliro.

Za michirazo mayiwo sananame. Zinayamba ndi makoswe, amene anaboola diresi la ukwati la kasitomala litagona m'katoni. A Chigamba anatola kamphaka m'ngalande, konyowa, maso ali mantongo okhaokha, n'kukalera ndi mkaka wa pasupuni. Katakula anakatcha Apongozi. Ndinawafunsa chifukwa chake.

"Taonani nokha, aneba," anatero. "Amadya asanandipatse moni, amakhala pampando wabwino, ndipo akandiyang'ana ndimadziwa kuti sindinakwane."

Apongozi anabereka, ana ake n'kuberekanso, moti pafupifupi mphaka aliyense mumsewu wathu anali mdzukulu wa a Chigamba. Wa kubuchala, wa kubekale, wa kwa amayi ogulitsa makala, onse anachoka m'katoni ya zidutswa ija. Pa nthawi ya nkhani ino Apongozi anali atakalamba, mano otsala owerengeka, ubweya utayamba kuthothoka kumsana. Tonse tinkati basi, fakitale yatsekedwa. Koma nkhalamba ija inatidabwitsa, inaswa timphaka tinayi. A Chigamba anatitcha Batani, Zipi, Ulusi ndi Kolala, ndipo anakana kupereka ngakhale kamodzi.

"Awa ndi omaliza," ankatero. "Awa ndi amene adzandilire."

Musaseke. Munthu amene mkazi anamuthawa, mwana anamuiwala, akakuuzani kuti adzamulira ndi amphaka, sakunena nthabwala. Apongozi ndi tiana tinayito ndiwo anali banja lawo lonse padziko lapansi, kupatula mlongo wawo mmodzi amene amabwera mwa apo ndi apo kudzawakalipira.

Tsopano chijasi. Simungawamvetse a Chigamba musanachimvetse chijasi. Chinali cha mlonda wina amene anabwera nacho kuti asokedwe thumba, n'kupita osabweranso. Chachitali kufika m'mawondo, cholemera ngati bulangete lonyowa, mtundu wake palibe akuukumbukira. Ankachivala kuzizire kutenthe. Akafika kunyumba ankachiponya pabedi, amphaka n'kugonapo. Mibadwo ya amphaka inabadwira m'chijasimo, inayamwira momwemo, inanola zikhadabo pa mkono wake. Ndipo chiyambire sichinalawepo madzi. Mlongo wawo anayesa tsiku lina kuchiviika m'beseni iwo atapita kuchimbudzi. A Chigamba anachilanditsa chitangonyowa kolala, ndipo mkangano wake anthu anabwera kudzaonerera atanyamula ana.

"Achimwene, chinthuchi chikununkha ngati khola!"

"Fungo limenelo ndiye ntchito yake. Iwe ukumva khola, mphaka akumva amayi ake."

A Chigamba sankanama. Mphaka akakodwa kudenga kwa munthu, kapena wakutchire akalowa m'sitolo n'kuyamba kugwetsa zinthu, ankaitana a Chigamba. Iwo ankangofika, kugwada, kutsegula chijasi mbali imodzi. Mphaka uja, kaya anali wolusa bwanji, ankanunkhiza kamodzi, kawiri, basi walowa kukhwapa. Akamanga mabatani, zii, ngati mulibe kanthu. Imeneyi ndiyo inali digiri yawo.

Anthu a kafukufuku anabwera pa galimoto yoyera, atanyamula tebulo lopinda ndi chibokosi cha ayezi. Mtsogoleri wawo anali dokotala wa ziweto, mtsikana wamagalasi, wochepa thupi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Ankasintha magolovesi pafupipafupi moti dzuwa lisanapendeke tinali titamupatsa kale dzina: Magolovesi. Anatisonkhanitsa pakhonde la sitolo n'kufotokoza kuti akufuna kudziwa tizilombo timene amphaka a m'makomo amayenda nato m'thupi. Pa mphaka aliyense atengapo timagazi pang'ono pamwendo, n'kupukuta m'kamwa ndi kunsi kwa mchira ndi kathonje, basi. Akamaliza amphaka, ati adzabwereranso agalu ndi nkhuku.

"Adokotala," anatero a kubuchala, "ine msana wandivuta zaka, palibe wabwera ndi galimoto kudzandipukuta kunsi kwa mchira."

Anthu anafa nako kuseka. Magolovesi anangokonza magalasi.

Tsiku loyamba linali la magazi, koma osati a amphaka. Dalaivala wawo, bambo wamimba amene anapatsidwa ntchito yogwira, anatuluka m'nyumba yachiwiri mkono uli mizeremizere ngati kope la mwana wa sukulu. Mphaka wa kubekale anakwera katani n'kukakhala pamwamba pa kabati akutukwana m'chilankhulo chake. Pofika masana timabotolo tonse tinali tikadali topanda kanthu. Ndi mwini sitolo amene anati, "Mukuvutikiranji? Itanani telalayo."

Magolovesi anawapatsa a Chigamba magolovesi ndi thaulo loyera, lochapa bwino, lonunkhira kuchipatala. Anamvera, anamukulunga mphaka wa kubekale m'thaulomo. Mphaka anapota msana, analira ngati akumusenda, thaulo linathera pansi. A Chigamba anagwada n'kutsegula chijasi. Posakhalitsa mphaka anali kukhwapa, mabatani omanga, kamwendo kamodzi katatulukira pakati pa batani ndi batani ngati kakupereka moni. Singano inalowa, botolo linadzaza, mphaka osadziwa n'komwe kuti wabayidwa.

Dokotala anachiyang'ana chijasicho nthawi yaitali. Ndinalipo, ndinamuona akukwinya mphuno.

"Bambo, chimenechi chimachapidwa?"

"Mwana wanga, ukachichapa ubwerere kwa adalaivala akowo."

Dalaivala anakweza mkono wake wa mizere uja: "Adokotala, chonde."

Dokotala anaseka, mwana wa eni. Anatenga kabotolo kopopera, anachiwaza chijasi sipiliti kutsogolo ndi kumbuyo, n'kunena kuti tiyeni. Nthawi imene anapatsidwa inali yochepa, amphaka ambiri, ndipo bwana wake ankaimba foni ngati mkazi wansanje.

Masiku amenewo ndiwo anali abwino kuposa onse pa moyo wa a Chigamba, ndipo ndikunena izi mtima ukundiwawa. Anawapachika kakhadi m'khosi. Makina anawafunditsa nsalu, mathalauza a anthu n'kumadikira. Ankayenda patsogolo, dokotala pambuyo, dalaivala kumapeto atasenza tebulo. Khomo ndi khomo. Akafika sankagogodanso ngati telala wobweza zovala, ankati, "Odi, a kafukufuku!" Mlongo wawo atamva anabwera kudzaona, n'kuima pamsewu manja m'chiuno.

"Achimwene, mwakhala dokotala liti? Sukulu munaithawira pawindo inu."

"Pita ukafunse amphaka."

Pa khomo lililonse mwambo unali umodzimodzi. Magolovesi atsopano, singano yatsopano, thonje latsopano, tebulo lopukuta mpaka kuwala. Chilichonse chogwira mphaka chinkatayidwa m'chidebe chachikasu. Chimene sichinkasinthidwa chinali chimodzi chokha, ndipo palibe ankachiwerengera ngati chida, chifukwa chinali pathupi pa munthu. Ndani amataya telala m'chidebe?

Kumapeto kwa msewu kuli nyumba yosungiramo matumba a chakudya cha nkhuku. Mlonda wa kumeneko anali atatola kamphaka kochokera kwina, palibe akudziwa kuti. Ofufuza anakapeza katakhala pambali pa mbale ya madzi, mutu uli pamwamba pa madziwo koma osamwa, ubweya utaima. Mlonda anati kangokhala kaulesi. A Chigamba anakanyamula, kopepuka ngati sokosi, n'kukalowetsa kukhwapa. Singano isanalowe n'komwe kanasanza, kenako kanatsegula m'mimba, zamadzimadzi zonunkha, zonse m'kati mwa chijasi. Dokotala anali atatembenuka akulemba pa timabotolo, foni ataipana ndi phewa, bwana akumufunsa kuti afika pa amphaka angati. A Chigamba, pochita manyazi kuti angaoneke auve pamaso pa anthu ophunzira, anatulutsa kachidutswa ka nsalu m'thumba, anapukuta mwakachetechete, n'kumanganso mabatani. Sipiliti anawazidwa kunja monga mwa masiku onse. Anapitiriza ulendo, mbali ina ya msewu, khomo ndi khomo. Madzulo anafika kunyumba atatopa koma akuimba kamluzu, n'kuponya chijasi pabedi. Batani, Zipi, Ulusi ndi Kolala anathamangirana kukalowa m'mikono.

Ofufuza anamaliza, anatseka chibokosi chawo, anagwirana chanza ndi aliyense n'kupita. Kakhadi anawasiyira a Chigamba ngati chikumbutso. Anakapachika pa makina.

Sabata isanathe kamphaka ka kwa mlonda kanali katafa, koma ndani amalira kamphaka kotola? Kenako wa kwa amayi a makala anayamba kusanza. Kenako tiana ta kubekale tonse, tinapezeka m'mawa titauma kuseri kwa uvuni. Kadwalidwe kake kanali kamodzi: kukana chakudya, kukhala pa mbale ya madzi osamwa, kusanza, kutsegula m'mimba, maso kulowa m'kati, basi. Akuluakulu ena ankalimbako, koma ana ankangoyoyoka ngati masamba.

Ndiye tamverani chimene chinachitika, chifukwa apa ndi pamene ine ndimasiya kuseka. Munthu mphaka wake akadwala mumsewu wathu, amapita naye kuti? Kwa a Chigamba. Anthu anayamba kubwera pakhonde ndi amphaka m'makatoni, m'mabasiketi, ena odwala, ena abwinobwino ongofuna kuti awaone ngati ali bwino. Ndipo a Chigamba, ndi mtima wawo wonse, ankatenga aliyense, wodwala ndi wamoyo yemwe, kumulowetsa kukhwapa, kumusisita, kumunong'oneza. Wodwala atuluke, wabwino alowe. Ankati akuwatonthoza.

Mphekesera sinachedwe. Anthu anawerenga makomo n'kuona kuti imfa ikuyenda momwe inayendera galimoto yoyera.

"Ndi jakisoni uja," anatero a kubuchala, chikwanje chili m'manja. "Anabwera kudzayesa poizoni. Ayamba amphaka, mawa ndi ife."

"Singano inali yotenga, osati yothira," anatero a Chigamba. "Ndinali pomwepo ine. Mwana uja ndi waukhondo kuposa tonsefe kuphatikiza pamodzi."

"Mukumuikira kumbuyo chifukwa anakuvekani belu m'khosi ngati ng'ombe."

Anakangana mpaka mwini sitolo anawalekanitsa. Koma m'mawa mwake sindinamve makina akulira pakhonde. Ndinasuzumira pakhomo pawo. Anali atakhala pansi pasimenti, miyendo atatambasula. Kolala anali pa mbale ya madzi, mutu uli pamwamba pa madziwo.

"Aneba," anatero osandiyang'ana, "sakumwa."

Kolala anapita tsiku lomwelo. Ulusi anatsatira. Anawakwirira kuseri kwa bafa, aliyense atamukulunga m'kachidutswa kake ka nsalu, kosankha bwino, kopinda m'mbali ngati ka kasitomala wolemekezeka. Atabwerako anakapempha foni kwa mwini sitolo n'kuimbira dokotala. Ine ndinali pafupi, mwangozi, monga mwa nthawi zonse. Ndinamva mawu a mtsikana uja akufotokoza kuti magazi anatumizidwa kutali, zotsatira zidzatenga miyezi, ndiponso kuti ntchito yawo ndi yofufuza, si yochiza, galimoto inapita kale kudera lina.

"Ndamva, mwana wanga," anatero a Chigamba. "Koma atsala awiri ndi mayi wawo."

Dokotala anati abwera.

Anabweradi, pa basi, yekha, kachikwama kali kumsana, wopanda tebulo wopanda dalaivala. Akutsika, amayi a makala anamulavulira pafupi ndi phazi. Sanatembenuke. Analowa m'chipinda cha a Chigamba, mmene munali bedi, mpando umodzi, mbaula, ndi fungo loti ngakhale ine wozolowera ndinaima pakhomo. Zipi anali atafa m'mawa umenewo. Batani ankapuma mwa apo ndi apo. Apongozi anali atagona pa chijasi, sanadye, akungonyambita mwana amene sankayamwanso.

Dokotala anamutsina Batani chikopa cha pakhosi, chikopa chinaima osabwerera. Anamuyang'ana m'kamwa. Anafunsa amene anayamba kufa mumsewu, wachiwiri, wachitatu. A Chigamba anatchula makomo onse mwa dongosolo, chifukwa onsewo anali adzukulu awo. Atatchula za kamphaka ka kwa mlonda, dokotala anafunsa kuti kanali bwanji tsiku lija.

"Kanadzionongera pang'ono. Ndinapukuta."

"Kanadzionongera pati?"

A Chigamba analoza. Dokotala anatsegula chijasi ndi zala ziwiri. M'kati, cha kukhwapa, munali banga louma, ndi ena ambiri pamwamba pake. Anavula magalasi, anakhala pampando uja, n'kuphimba kumaso ndi mkono. Anakhala choncho mpaka ine ndinayamba kuyang'ana kudenga.

"Bambo, kachilombo aka sikafuna singano. Kamatuluka m'masanzi ndi m'chimbudzi cha mphaka wodwala, n'kukakamira pa nsalu, pa nsapato, pa mbale. Mphaka wina akanunkhiza kapena kudzinyambita, kalowa. Sipiliti sakapha. Dzuwa la tsiku limodzi silikapha. Kakhoza kukhala pa nsalu chaka chathunthu kakudikira."

A Chigamba anayang'ana chijasi, anayang'ana dokotala.

"Ndiye kuti onse amene ndinawafungatira..."

"Ndinachiona tsiku loyamba, bambo. Ndinafunsa, n'kuseka, n'kuchilola. Woyenera kudziwa ndinali ine."

"Iwe unasintha magolovesi, mwana wanga. Amene sanasinthe ndine."

Anafunsa ngati pali mankhwala. Dokotala anati opha kachilomboko palibe, chimene chilipo ndi kuthira madzi m'thupi kuti mwina mphaka alimbe yekha. Katemera aliko, koma amagwira asanadwale, ndipo kafukufuku wawo sanabwere naye chifukwa sanali pa pulogalamu. Anatulutsa thumba la diripi limene anagula yekha panjira. Batani anafa singano isanatuluke m'pepala lake. Anatsala Apongozi.

Nkhalamba ija, ngakhale inali yofooka, itaona singano inakumbuka ukali wake. Inafwenthera, inatulutsa zikhadabo, inakana thaulo, inakana manja. A Chigamba anaima pakati pa chipinda manja ali lende, akuyang'ana chijasi ngati munthu woyang'ana njoka imene anailera yekha.

"Valani," anatero dokotala motsitsa. "Kwa iyeyu palibenso choti chiwonjezere."

Anavala. Anagwada n'kutsegula mbali imodzi. Apongozi anadzikoka pang'onopang'ono, ananunkhiza, analowa. Madzi anayenda pansi pa chikopa, a Chigamba atakhala m'mphepete mwa bedi akugwedezeka uku ndi uku ngati mayi wogoneka khanda. "Apongozi, musandichititse manyazi pamaso pa alendo. Imwani madziwo. Nanga mundisiyira ndani?" Dokotala anawaphunzitsa kathiridwe kake, anasiya thumba lina, n'kuthamangira basi yomaliza.

Apongozi analimba masiku angapo, moti mlongo wawo anabwera ndi msuzi wa mafupa m'kabotolo, mayi amene moyo wake wonse ankati amphaka ndi ziwanda. Tsiku lina anakwezako mutu n'kunyambita supuni, a Chigamba anathamangira kwanga opanda nsapato kudzandiuza. Mawa lake masana anafera kukhwapa komweko. A Chigamba anazindikira patapita nthawi, ataona kuti mbali imeneyo yayamba kuzizira.

Chijasi anachiwotcha okha kuseri kwa bafa, pamodzi ndi katoni ya zidutswa, bulangete ndi nsapato zawo. Chinavuta kuyaka, chinkangofuka utsi wakuda wonunkha ubweya, anthu n'kumatseka mawindo. Atatha anatenga kolorini amene dokotala anawauza, anatsuka simenti, miyendo ya bedi, chopondera cha makina, benchi. Anali atafunsanso funso lina dokotala asanakwere basi: "Nanga manjawa?" Iye anati angosamba bwino ndi sopo, koma asagwire mphaka wa munthu kapena kulowetsa kamphaka m'chipindamo mpaka chaka chitatha. Iwo anamva zawozawo. Ankasamba ndi kolorini yemweyo, m'mawa, masana, madzulo, mpaka zala zinasupuka, ulusi n'kumawakola m'ming'alu.

Ndipo sanabise. Anayenda msewu wonse, khomo ndi khomo monga kale, atavala shati lokha, akuoneka wochepa ngati nkhuku yososoledwa. Paliponse ankanena chimodzimodzi: sanali jakisoni, chinali chijasi changa, pepani. Mukuganiza kuti anthu anamva? A kubuchala anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Jasi kupha mphaka? Lili ndi mano? Akuluwa awasokoneza mutu anthu aja."

Ndi mmene linabadwira bodza lija. Choona chinabwera chokha pakhomo, chopanda nsapato, anthu n'kuchiuza kuti chapenga. Jakisoni wa poizoni ankakoma kukamba, chifukwa wolakwa anali wa kutali, wa galimoto. Jasi la telala silikoma, chifukwa aliyense anakumbuka kuti mphaka wake anamunyamula yekha kukamupereka kukhwapako.

Magolovesi anaimbako foni kangapo kwa mwini sitolo. Anati wapempha mabwana kuti atumize katemera wa amphaka otsala, ayankha kuti aganizira. Kenako anati kafukufuku watsekedwa, za agalu ndi nkhuku zalephereka. Ulendo womaliza anati zotsatira zatuluka ndipo zalembedwa m'chikalata cha anthu ophunzira, mmene muli mzere umodzi wolangiza kuti nsalu yogwirira ziweto izisinthidwa pa chiweto chilichonse. Mwini sitolo anawauza a Chigamba, poganiza kuti asangalala. Iwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kupalasa makina.

Makoswe anabwerera ngati eni nyumba ochokera kuulendo. Kubekale anayamba kugona ndi misampha. Kwa a Chigamba anadya thumba la jekete la mphunzitsi ndi theka la yunifolomu ya namwino, makasitomala ena n'kusamukira kwa telala wa makina amagetsi kumsika. Mlongo wawo anabwera ndi kamphaka koyera m'basiketi, chaka chitadutsa kale ndi miyezi pamwamba.

"Achimwene, adokotala anati chaka. Chatha. Tengani, muleke kukhala ngati chitsa."

A Chigamba anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma, manja atabisa kumsana.

"Chotsa! Usayandikire naye! Anati chikhoza kukhala chaka. Sananene kuti kachilomboko kali ndi kalendala."

"Ndiye mudzakhala chonchi mpaka liti?"

"Pita naye, mlongo wanga. Ndi wokongola. Pita naye kutali."

Vuto ndi lakuti amphaka sauzana za maliro. Atsopano abwera mumsewu, ochokera kumisika ndi kumagalaja, ndipo ngakhale jasi kulibe, pali chinachake mwa bambowa chimene chimawakoka. Umangoona kamphaka kakudutsa anthu onse, kudutsa kubuchala kumene kuli nyama, n'kulunjika pansi pa makina kuti kakadzikhule pa mwendo wawo. Apo ndi pamene a Chigamba amadzuka, kukuwa, kuponda pansi, kutola mwala. Ana a sukulu amaima n'kumaombera m'manja. Akuluakulu amagwedeza mitu n'kumati taonani, kachilombo kaja kadzuka.

Koma inu mukadzadutsa, mudzayang'ane kumene mwalawo ukugwera. Munthu amene amalowetsa ulusi pa singano opanda magalasi, amene sanaphonyepo bowo la batani, amaphonya mphaka amene ali pamphuno pake. Mwala umagwera uko, kutali, pa malata kapena m'ngalande, pongofuna phokoso. Mphaka akathawa, iwo amaima n'kumuyang'ana mpaka atakhota pakona, milomo ikuyenda ngati akumupatsa dzina. Akatero amapita pampopi kukasamba m'manja, ngakhale sanamukhudze, n'kubwerera pa makina. Kunyumba kwawo tsopano kuli zii. Khoma lija ndi lopyapyala monga kale, koma chimene ndimamva ndi madzi okha akukhuthukira m'beseni.

Choona chake ndi ichi: a Chigamba amagenda amphaka chifukwa amawakonda, ndipo sakhulupiriranso kuti chimene angachifungatire chingakhale ndi moyo.